Musatipatse fosholo yokha, tipatseninso buku la ndalama

Pali funso limene bambo wina anafunsa pa msonkhano wa chitukuko, papita zaka koma silinandichokebe mmutu. Ndikangomva munthu wa ku ofesi akunena kuti "anthu eni ake atengepo mbali", ine ndimamuona bambo uja ataimirira kumbuyo, chipewa chili mmanja.

Dera lomwe ndinkakhala ndi lija mukulidziwa kale, mzinda uliwonse uli nalo. Nyumba zothinana, tinjira toti galimoto singalowe, mvula ikagwa madzi onse a kumtunda amathera mmakomo mwathu atakokolola zonse zomwe apeza panjira, ndipo mukudziwa zomwe madzi amapeza kumalo koti zimbudzi nzosakwanira. A UN amati anthu opitirira 1 biliyoni padziko lapansi amakhala mmalo ngati amenewa, nde si nkhani ya dera limodzi ayi.

## Msonkhano uja

Anabwera a khonsolo limodzi ndi a bungwe lina lomwe linapeza ndalama zomangira ngalande. Anafotokoza bwino ndithu, mapu anapachika, anatiuza kuti kontilakitala apezeka, simenti ndi miyala zibwera, ndipo ife gawo lathu likhala kukumba, kututa mchenga ndi kutunga madzi. Mwaulere. Anthu anawomba mmanja, chifukwa munthu amene madzi akhala akumulowera mnyumba chaka ndi chaka ukamuuza za ngalande sayamba ndi mafunso.

Kenako bambo uja anakweza dzanja. Munthu wa maganyu, wokankha wilibala, sanali woyankhulayankhula pagulu.

"Bwana, ndifunse nawo. Kumayadi kuja ndimadutsako tsiku lililonse, ngalande zili mbali zonse za msewu, zomanga bwino. Eni nyumba aja anakumba tsiku liti?"

Panakhala kaye zii. Bwana wa bungwe uja anayankha mwaulemu, ndipo ndikhulupirira ankanena zochokera pansi pa mtima, kuti cholinga nchoti tikhale ndi umwini, chinthu chomwe wakhetsera thukuta umachisamala.

"Za umwinizo ndamva bwana. Koma ine ndikajomba ku ganyu tsiku limodzi kwanga sikuyaka moto. Kontilakitala mumulipira. Injiniya mumulipira. Adalaivala akubweretsaniwa alipidwa. Pa anthu tonse tili panofe wogwira yaulere ndi ine, amene ndilibe kanthu."

Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anavala chipewa chake nkukhala pansi.

Amene anatembenuza nkhani ndi amayi ena osoka zovala, omwe ankasunga ndalama za gulu la azimayi osunga ndi kubwereketsana. Iwo anati, "Zomwe anena achimwenewa nzoona. Koma ine ndikufunsa zina. Kontilakitala wanuyo akabwera, amisiri akawatenga kuti? Si kuno komwe? Omanga nyumba za kumayadi amagona kuno, opala matabwa amagona kuno, owotcherera zitsulo ali kuseri kwa nyumba yangayi. Nde bwanji osatipatsa ntchito yonseyo, ndi ndalama zake zomwe, inu mungotipatsa injiniya azitiyang'anira?"

Apa mpamene msonkhano unasokonekera, aliyense kuyankhula nthawi imodzi, a tcheya kumenya tebulo osamveka. Ine ndinangokhala ndikuyang'ana amisiri omwe anali pamenepo, anthu oti ndimakumana nawo mbandakucha akupita kukamanga mzinda wa anthu ena atanyamula levulo ndi chipande, madzulo nkubwerera kudzagona mmatope. Mzinda wonsewu amanga ndi iwowa. Koma ikafika nkhani ya dera lawo lomwe, amawerengedwa ngati manja okumba basi, ndalama ndi zisankho zili ndi wina.

## Kukokanakokana

A khonsolo sanavomere pompo. Anati zoterezi sizinachitikepo, malamulo ogulira zinthu za boma amafuna kampani yolembetsa, yokhala ndi mapepala, nanga komiti ikadya ndalama timugwira ndani? Funso limeneli silopusa, ndipo amene wakhalapo mu komiti akudziwa kuti silopusa. Zinatenga miyezi tikupita ndi kubwera.

Mapeto ake ntchito anaigawa pawiri. Ngalande yaikulu yodutsa kumunsi ndi makalavati a pamsewu zinatsala mmanja mwa khonsolo ndi kontilakitala. Ngalande zing'onozing'ono za mtinjira anatipatsa ife, ndi kontilakiti yolembedwa yosainirana, akaunti ku banki ya osainira atatu, ndalama zobwera mzigawozigawo, chigawo chotsatira chizituluka injiniya akayeza kaye zomwe tamanga. Okumba azilipidwa. Amayi osoka aja anakhala msungichuma, ine anandisankha mlembi.

Kenako ndinadzamva kuti zimenezi si ife tinayambitsa. Ku Colombo, Sri Lanka, mzaka za mma 1980 bungwe la boma loona za nyumba la National Housing Development Authority linayamba kupereka makontilakiti ang'onoang'ono kwa makomiti a anthu okhala mmadera osauka, azimanga okha zitsime, zimbudzi, ngalande ndi tinjira mmalo moitana kampani. Ku Hanna Nassif mu Dar es Salaam, dera lomwe linkasefukira madzi chaka chilichonse, kuyambira 1994 anthu eni ake anamanga ngalande ndi misewu mwa njira yomweyi mothandizidwa ndi ILO, bungwe la UN loona za ntchito, ogwira ntchito ali a mderalo ndipo akulipidwa. Nde pamene tinkauzidwa kuti sizinachitikepo, zinali zitachitika kalekale.

## Paipi yoonekera mkati ndi bolodi la pakhoma

Injiniya amene anatipatsa anali mnyamata, ndipo ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa sanabwere kudzatilamula komanso sanabwere kudzangovomera chilichonse. Tsiku loyamba anabwera ndi paipi yaitali ya pulasitiki yoonekera mkati, nkuthiramo madzi. Wina agwire mbali iyi, wina mbali inayo patali, madzi akakhazikika mbali zonse amakhala pa mulingo umodzi, nde mumalemba pa chikhomo apa ndi apo, kuchokera pamenepo mumadziwa kuti pansi pa ngalande patsike bwanji kuti madzi aziyenda osaima. Chinthu chapafupi chonchi, koma ngalande zambiri zomwe mumaziona zili ndi madzi obiriwira odikha ndi udzudzu, vuto lake limakhala lomweli, anakumba moyerekeza ndi maso. Pofika sabata yachiwiri atsikana awiri omwe anasiyira sukulu panjira ndi amene ankagwira paipi ija, injiniya akungobwera kudzatsimikiza.

Konkire anatiphunzitsa muyezo wake, simenti gawo 1, mchenga magawo 2, miyala magawo 4, ndipo ukathira uzithirira madzi kwa masiku osachepera 7 kuti ilimbe. Amisiri athu ankazidziwa kale izi. Ankadziwanso zomwe zimachitika pa saiti kapitawo akatembenuka, thumba limodzi la 50 kg kuligwiritsa ntchito pamalo pofunika awiri, linalo nkutuluka pa geti madzulo. Mmisiri wina wachikulire anandiuza mosabisa kuti wawonapo zimenezi kambirimbiri, "koma pano sindingalole mwana wanga, ngalande imeneyi ikudutsa pakhomo panga."

Msungichuma wathu anapachika bolodi pakhoma la nyumba yake moyang'ana njira. Ndalama zomwe zalowa, matumba a simenti omwe agulidwa, omwe agwira ntchito lero, omwe atsala, mayina a okumba sabata ino ndi malipiro awo. Madzulo aliwonse ndinkalemba ndi choko, iwo akuwerenga malisiti. Anthu ankaima kuwerenga akamachokera ku ntchito, osadziwa kuwerenga ankawawerengera ana, ndipo tsiku lina mayi wina anabwera kudzatsutsa kuti wawerenga yekha matumba opanda kanthu ndipo sakugwirizana ndi bolodi. Tinawerenganso limodzi mpaka anakhutira. Zinali zowawa kukayikiridwa ndi munthu woyandikana naye nyumba, koma taganizani, ndi liti mayi ameneyu akanaima pamaso pa kontilakitala nkumuuza kuti awerengenso simenti?

Palinso china chomwe kampani singachite. Ngalande siyenda mmwamba, imadutsa pamalo a anthu. Pena pamafunika mpanda usunthe, pena bafa la munthu lili ndendende pomwe madzi akuyenera kudutsa. Kontilakitala akafika potere amakhotetsa ngalande kuti asakangane ndi munthu, madzi nkumadzaima pa khona pomwepo, apo ayi amaitana apolisi. Ife tinkakhala pansi ndi mwini wake madzulo, kukambirana, nthawi zina masiku angapo, amisiri nkulonjeza kumumangira bafa lina pambali. Pamapu a ku ofesi ntchito imeneyi sioneka, ndipo palibe amene amailipira, koma popanda iyo ngalande ija sikanawongoka.

## Zomwe sanatiuze

Sindikufuna wina awerenge izi nkuganiza kuti komiti ndi gulu la angelo. Ntchito yolipidwa itangolengezedwa, anthu ofuna kulembedwa anali ochuluka kuposa malo, ndipo akuluakulu ena a mdera, ndi a ndale omwe, anayamba kubweretsa timapepala ta mayina a abale awo. Tinachita kuika kaundula woti anthu azisinthana, ndipo theka akhale azimayi, koma panali anthu omwe anasiya kundipatsa moni.

Chopweteka kwambiri chinali kuchedwa kwa ndalama. Injiniya wayeza, wasaina, pepala lapita ku ofesi, nde likakhale pa tebulo la munthu wina masabata. Kampani yaikulu ili ndi kothawira, ikhoza kukongola ku banki, bwana wake amakhala kutali kuseri kwa geti. Ife okumba ankabwera pakhomo pa msungichuma mmawa uliwonse, ena mwaulemu ena motukwana, amayi aja akulephera ngakhale kupalasa makina awo. Apa ndinaona kuti kupatsa anthu osauka kontilakiti popanda kukonza kayendedwe ka ndalama ku ofesi ndi kuwasenzetsa mavuto a ofesiyo. Amene akufuna kugwira ntchito ndi makomiti ayambe wakonza kwake, chigawo choyamba chiperekedwe ntchito isanayambe, ndipo tsiku lolipira likhale lolembedwa mu kontilakiti ngati mmene tsiku lomaliza ntchito limalembedwera.

## Amene amatchula Orangi

Ndikamanena kuti osauka asamagwire yaulere, pamakhala wina wowerenga amene amandiyankha kuti nanga ku Orangi bwanji, si anthu analipira okha? Nzoona. Orangi ndi dera lalikulu kwambiri la anthu osauka ku Karachi, Pakistan. Mu 1980 Dr Akhtar Hameed Khan anayambitsa Orangi Pilot Project, ndipo mabanja pafupifupi 100,000 anadzamanga zimbudzi mnyumba zawo ndi mapaipi a suweji mtinjira tawo ndi ndalama za mthumba mwawo, pamtengo wotsika kangapo poyerekeza ndi wa makontilakitala a boma.

Koma onani mmene zinkayendera. Kanjira kalikonse, nyumba 20 mpaka 40, kankasankha munthu wake woyang'anira, iyeyo ndi amene ankatolera ndalama ndi kuzisunga, a pulojekiti sankazigwira. A pulojekiti ankapereka mapulani, miyezo, zida zobwereka ndi maphunziro. Anthu ankayamba akafuna okha, kulemba mmisiri amene akumufuna, kuona tambala iliyonse komwe yapita. Izi nzosiyana kutalitali ndi kuitanidwa kudzakumba pa pulojekiti yomwe bajeti yake sunaione, kampani yake sunasankhe, njira yake anajambula wina.

Ndipo a Orangi anajambula mzere woonekeratu. Za mkati, chimbudzi, paipi ya mkanjira ndi yolumikiza tinjira, ndi za anthu. Za kunja, mapaipi akuluakulu ndi malo oyeretsera zonyansazo, ndi za boma, ndipo boma lisathawe. Anaphunzitsa achinyamata kuyeza malo ndi kujambula mapu, nkujambula makhwawa onse omwe zonyansa za mzinda zinkatsikira, mapu amenewo nkumakakambirana nawo ndi akuluakulu a mzinda. Perween Rahman, mayi amene ankatsogolera ntchito imeneyi ndipo ankalemba za kulandidwa kwa malo ndi kubedwa kwa madzi mu Karachi, anawomberedwa ndi kuphedwa mu March 2013. Mapu a anthu osauka si chidole, amakhudza ndalama za anthu amphamvu.

Nde funso la bambo wa wilibala ndi nkhani ya Orangi sizikutsutsana. Anthu akhoza kusonkha, akhoza kukumba, ngati asankha okha ndipo buku lili mmanja mwawo. Ine pandekha ndimaonabe kuti pamene mzinda ukumangira olemera ndi ndalama za msonkho, osauka nawo ali ndi ufulu womangiridwa ndi ndalama zomwezo, poti msonkho nawonso amapereka pa chilichonse chomwe agula. Koma kaya ndalama zachokera mthumba mwawo kaya ku boma, wogwira buku akhale iwowo.

Onani za ku Pune, India, kuyambira 1999, pomwe khonsolo inapereka makontilakiti omanga zimbudzi za gulu kwa mabungwe ogwira ntchito ndi anthu a mmadera osauka, kuphatikizapo SPARC ndi gulu la azimayi la Mahila Milan. Azimayi atapatsidwa mpata wojambula nawo pulani anaika timabowo ting'onoting'ono ta ana paokha, chifukwa ankadziwa kuti mwana amaopa dzenje lalikulu komanso pamzere wa mmawa akuluakulu amamukankha, anaikanso chipinda chogona wosamalira pamwamba pa chimbudzicho kuti pasakhale popanda mwini. Munthu amene sanaimepo pamzere wa chimbudzi ndi mwana kumanja sangaziganize zimenezi, ngakhale atakhala ndi madigiri angati.

## Alendi

Nkhani ya okhala pa lendi nde imandisowetsa mtendere kuposa zonse. Ngalande zathu zitatha, matope anachepa, mmakomo munauma, ndipo pasanathe nthawi malandilodi anayamba kukweza lendi. Mmadera ngati amenewa okhala pa lendi ndi ambiri, ndipo ambiri mwa omwe anakumba anali iwowa. Bambo wa wilibala uja anakumba nafe, analipidwa, zimenezo zinayenda. Koma nyumba yomwe ankakhala itakwera mtengo anasamukira kumunsi kwenikweni, mphepete mwa khwawa, komwe madzi a ngalande zathu amakathera.

Pa misonkhano yonse ija nkhani imeneyi palibe anaitchula, a bungwe ngakhale ife. Mu komiti ambiri anali eni nyumba, poti ndi amene amaonedwa ngati okhazikika, wa lendi amati mawa asamuka. Mawu oti "anthu a mdera" amabisa zambiri. Muli landilodi wa zitseko khumi amene sakhala nkomwe mderamo, muli mayi wa chipinda chimodzi ndi ana, ndipo chitukuko chomwecho wina chimamulemeretsa wina chimamusamutsa.

Ku Thailand anaiganizira mbali imeneyi. Pulogalamu ya Baan Mankong yomwe inayamba mu 2003 pansi pa bungwe la boma la CODI imapereka ndalama za misewu, madzi ndi ngalande mwachindunji ku magulu a anthu okhala mderalo, ndi ngongole za chiwongola dzanja chochepa za nyumba, koma chachikulu nchoti malo amagulidwa kapena kubwerekedwa kwa nthawi yaitali mdzina la gulu lonse ngati kopaletivi, osati munthu payekha. Zikatero nkovuta kuti munthu wandalama abwere kudzagula mmodzimmodzi dera likakongola. Sindikunena kuti zingakopedwe paliponse mmene zilili, malamulo a malo amasiyana dziko ndi dziko. Koma ntchito isanayambe pakhale kalembera wa khomo ndi khomo, wochita anthu eni ake, wolemba ndi alendi omwe, alendiwo akhale ndi mipando mu komiti, ndipo nkhani ya lendi ikambidwe poyera malandilodi ali pomwepo, fosholo isanalowe pansi.

## Kumunsi

Gawo lathu tinamaliza, injiniya anasaina, ndalama zomwe zinatsala pang'ono anthu anagwirizana kuti zigulire zida zochotsera zinyalala mngalande, ndipo kanjira kalikonse kanasankha tsiku lake loyeretsa mvula isanayambe. Zina zimayeretsedwa, zina ayi, kutengera anthu ake.

Ngalande yaikulu ija, ya khonsolo ndi kontilakitala, inamangidwa theka nkuima. Tinauzidwa kuti ndalama zatha. Nde madzi omwe kale ankamwazikana mmakomo mwa aliyense tsopano amathamanga bwinobwino mngalande zathu zowongoka nkukakhuthukira onse malo amodzi, pa anthu a kumunsi, omwe ndi osaukitsitsa mdera lonse. Anthu okhaokha sangamange kalavati ya pansi pa msewu waukulu, ilo ndi gawo la boma, ndipo likasiyidwa, khama la anthu a kumtunda limasanduka tsoka la anzawo.

Atsikana a paipi aja anayenda kumunsi konse, nyumba ndi nyumba, kuyeza pomwe madzi amafika pakhoma ndi kulemba anthu okhalamo, alendi ndi eni nyumba omwe. Msungichuma anatenga mapepala amenewo pamodzi ndi buku lathu la ndalama, lomwe linali lokwanira mpaka lisiti yomaliza, nkupita nawo ku khonsolo ndi anthu a kumunsi eni ake. Anakapempha zinthu ziwiri, kuti atione bajeti ya ngalande yaikuluyo ngati mmene iwo ankaonera yathu, komanso kuti ikadzayambanso, pepala lovomereza kuti ntchito yatha lisalipiridwe popanda siginecha ya komiti. Choyambacho anakana. Chachiwiricho anati akakambirana, ndipo anthu a kumunsi akumapitabe kukafunsa.